Aphunzitsi Osamva Chingerezi

Juniper Flat, Utah
6 Sepitembala

Nélida wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino nonse, iweyo, Tadeo ndi amayi ako. Bondo lawo lija likuwalola kukwera masitepe? Ine kuno ndili bwino, kungoti milomo yang'ambikang'ambika. Mphepo ya kuno ndi youma kuposa ya kwathu ku Arequipa, chinthu chimene sindinkayesa kuti n'chotheka.

Unandinena kuti pa foni ndimangoti "ndili bwino, ndili bwino" ngati wodwala woopa jakisoni, ndiye ndagula mapepala ndi maenvulopu. Uwerenge modekha, sindidzakufunsa mayeso.

Ntchito ndayamba. Ana anga ndi a Sitandade 2, magulu awiri. M'mawa gulu limodzi limakhala ndi ine kuphunzira masamu ndi sayansi m'Chisipanishi, lina limakhala ndi Mayi Sorensen m'chipinda choyang'anizana ndi changa, kuphunzira kuwerenga m'Chingerezi. Masana timasinthana ana. Koma pali lamulo lina limene sanalinene bwinobwino potilemba ntchito. Tsiku loyamba ahedi anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Bambo Zevallos, kuyambira lero Chingerezi simuchidziwa," anatero. "M'kalasi simuchidziwa, pakhonde simuchidziwa, mukakumana ndi mwana wathu m'sitolo simuchidziwanso. Mwana akangozindikira kuti mumamva, basi, sadzavutikanso kufunafuna mawu a Chisipanishi."

Zaka zonse zija unkaponda mashini osokera mpaka msana kuuma kuti ndilipire sukulu ya Chingerezi, lero akundilipira kuti ndisachidziwe!

Ubwino wake ndi woti ana amalankhula zonse ine ndili pomwepo. Pali mnyamata wina wogweluka mano akutsogolo, dzina lake Colton. Dzana anauza mnzake, akundiyang'ana m'maso ndithu, kuti, "Akuluwa ali ndi malaya awiri okha, ine ndawerenga." Ndinaluma lilime kuti ndisaseke. Ananama mwanayo, ndili nawo atatu.

Ndatumiza madola mazana anayi. Ulipire lendi, umugulire Tadeo nsapato, zotsalazo uyambire za mapasipoti. Chaka chino chikatha bwino andiwonjezera zaka ziwiri, ndipo mu Julaye inu awiri mudzabwera kuno. Ndimagona nazo zimenezi, n'kudzuka nazo.

Ine mwamuna wako,
Efraín


12 Okutobala

Amake Tadeo,

Moni kumeneko. Ndakondwa kumva kuti amayi apezako bwino. Uwauze kuti mkamwini wawo walamula kuti asiye kunyamula ndowa, ngakhale ndikudziwa kuti angoseka. Ine ndili bwino, kachimfine chabe.

Za Tadeo zandikhudza. Lamlungu lija nditaimba ndinamumva ndithu akunena kuti, "Muwauze ndatanganidwa." Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi atanganidwa ndi chiyani? Ukuti akaweruka amakwera padenga, poyanika zovala paja, n'kumacheza ndi Canela mpaka umuitane kudzadya. Galu ameneyo akumuuza zotani zimene sangandiuze ine? Usamukakamize foni. Ungoonetsetsa kuti asayandikire mbali yopanda mpanda ija.

Ndamugulira jekete la sinowo pa kaunjika, labuluu, madola khumi ndi awiri. Ndi lalikulu pang'ono, adzakuliramo. Ukanandiona pogula! Ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku ndisanafunse wogulitsa m'Chingerezi ngati lingamukwane mwana wa msinkhu wa Tadeo. Tauni ino ndi yaing'ono, ana anga ali paliponse. Ngakhale kutchalitchi ndimangogwedeza mutu. Anthu amandimwetulira, ine n'kuwamwetulira, n'kusiyana. Masiku ena ndimafika kunyumba mawu atasasa ndi kuphunzitsa, koma osacheza ndi munthu tsiku lonse. Walira mvula walira matope, tizisiye zimenezo.

M'gulu la m'mawa muli mtsikana wina, Maren, wa tsitsi lofiirira losapesedwa bwino. Chitsegulireni sukulu sanatulutsepo liwu limodzi la Chisipanishi. Ndikamufunsa funso amangoyang'ana nsapato zake. Nthawi yopuma anzake akathamangira panja, iye amatsala n'kumadyetsa nsomba zathu za m'galasi. Mayi Sorensen ananditsina khutu kuti amayi ake ali ndi khansa.

Sabata yatha ine ndikusanja mabuku, mwanayo anayamba kulankhula m'Chingerezi, maso ali pa nsomba.

"Amayi tsitsi lonse lathothoka," anatero. "Adadi akuti akuoneka bwino. Sakuoneka bwino."

Ndinapitiriza kusanja mabuku amene ndinali nditasanja kale. Ndikanatani, poti aphunzitsi samva?

Umupsompsone Tadeo, ngakhale atatanganidwa.

Efraín


23 Novembala

Nélida wanga,

Muli bwanji nonse? Kuno sinowo wayamba, ndipo mwamuna wako wagwa kale kawiri pakhomo pa sukulu, ulendo wachiwiri pamaso pa makolo. Palibe chathyoka kupatula ulemu.

Pali nkhani, usadzidzimuke. Tauni ino ili ndi masukulu awiri aboma ophunzitsa m'Chisipanishi, yathu ndi ina ya kutsidya kwa njanji. Ana achepa, ndalama zachepa, ndiye akuti chaka chamawa patsala imodzi. Mu Febuluwale kubwera oyendera masukulu kudzaona onse awiri. Kumene kugwe, makalasi a Chisipanishi atsekedwa, ndipo mphunzitsi wobwera ngati ine... wamva kale.

Atiuza zimene adzayang'ana. Akufuna kuona ngati ana amayankha ndi ziganizo zathunthu, ngati amalankhula kwambiri ndi anawo kapena mphunzitsi, ngati masamu akuwamva. Padzakhalanso mayeso owerenga. Pamwamba pa zonse adzatchera khutu kuti amve ngati pakamwa pa mphunzitsi pangatuluke Chingerezi. Chimenecho ndiye sindikuchiopa n'komwe, miyezi itatu ino ndasanduka katswiri wa kusamva. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti amasankha ana angapo mwachisawawa kuti acheze nawo. Ndadzipeza ndikupemphera kuti chala chawo chisagwere pa Maren. Mulungu andikhululukire, ndachita manyazi polemba zimenezi.

Mphunzitsi wa kutsidya kwa njanji ndakumana naye kumsonkhano. Ndi Mayi Araceli a ku Mexico, ali ndi ana awiri ndipo bambo kulibe. Tinamwa khofi limodzi, tinaseka, tinanena ana athu miseche, koma aliyense akumuyeza mnzake ndi maso. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa.

Ife tipambana, ana anga ndi ochangamuka. Uyambe kufunafuna wogula mashini osokera, ndalama yake ithandize pa tikiti ya ndege. Uwauzenso eni nyumba kuti mwina mu Juni tidzatuluka. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa ndagula nsapato zosaterera.

Wako,
Efraín


11 Januwale

Amake Tadeo,

Mwalowa bwanji chaka chatsopano? Zithunzi ndalandira. Tadeo watalika, koma n'chifukwa chiyani pa zithunzi zonse wakumbatira galu? Ine ndili bwino. Pa Khirisimasi Mayi Sorensen anandiitana kwawo, ndipo poti kunalibe mwana wa sukulu yathu, ndinalankhula Chingerezi mpaka amuna awo anafunsa ngati ndimapuma. Chakudya chinali chambiri, koma mtima unali pa adobo wako, nyama ya nkhumba umaphika ija. Masiku ena onse a tchuthi ndinangokhala, palibe chonena.

Yankho lako la mashini ndalimva. Ukuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo sugulitsa kanthu usanaone pepala losainidwa. Iwe mkazi, liuma limeneli unalitenga kwa amayi ako. Ndakwiya pang'ono, koma ndidzakukwiyira bwino ukadzafika.

Tamva izi. Lachiwiri Colton analandidwa pensulo ndi mnzake. Anaimirira, nkhope ili psuu, n'kukuwa m'Chisipanishi kuti, "Iwe bulu, bweza pensulo yanga pompano!" Chiganizo chathunthu, Nélida, chopanda cholakwika! Ndinayenera kumudzudzula, ndipo ndinamudzudzula, koma mumtima ndikuvina. Oyendera masukulu abwere ndi mapepala awo, kwa ine mayeso enieni ndi amenewa. Mwana akayamba kukangana m'chilankhulo ndiye kuti chamulowa.

Maren yekha ndiye pa Chisipanishi akadali duu. Kwa nsomba ndi kwa ine amalankhulabe tsiku ndi tsiku. Atabwera kuchokera kutchuthi ananena mawu amene sakundichoka m'mutu.

"Ndine ndinabweretsa chifuwa kunyumba," anatero. "Anandiuza kuti ndizisamba m'manja ndikafika, tsiku lina ndinaiwala. Pano amayi akutsokomola."

Ndinamuuza m'Chisipanishi, pang'onopang'ono, ndi manja omwe, kuti si chifukwa chake. Anangoyang'ana nsomba. Ndinakauza Mayi Sorensen, iwo anauza bambo ake, bambo ake analankhula naye. M'mawa mwake Maren anathira chakudya cha nsomba m'madzi n'kunena kuti, "Adadi akuti si ine. Adadi amanenanso kuti amayi akuoneka bwino."

Ndakhala ndikuganiza za Tadeo. Tsiku lina poyanika zovala uchedweko pang'ono, umve zimene akumuuza Canela. Usamuyankhe, ungomva.

Efraín


15 Febuluwale

Nélida,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Oyendera masukulu anabwera Lachinayi. Ana anachita bwino. Zotsatira akuti zituluka mu Epulo.

Ndatumiza ndalama monga mwa nthawi zonse. Za eni nyumba zija, ngati sunawauze, uyambe wadikira.

Efraín


1 Malichi

Nélida wanga,

Moni, ndipo pepa. Ukuti kalata yanga yapitayi inali ngati lisiti la m'sitolo, ndipo ndikapanda kunena chimene chachitika uimbira foni ahedi wekha. Ndikukudziwa, ungathe. Khala pansi ndikuuze.

M'kalasi mwanga munalowa mmodzi wa oyendera masukulu, Mayi Hadlock, aatali, a imvi, olankhula Chisipanishi chabwino kwambiri. Anakhala kumbuyo pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, n'kumalemba. Phunziro linali la maginito. Linkayenda bwino, Nélida, bwino kuposa masiku onse. Ana ankafunsana awiriawiri, kutsutsana, kuthamangira kukayesa ngati lumo likakamira. Ine ndinkangozungulira, mawu anga ochepa, monga mmene amafunira. Ndinaona mayiwo akumwetulira.

Kenako ndinaona kuti mpando wa Maren uli wokha. Ndinamupeza pansi pa tebulo la nsomba, atadzipinda. M'mawa womwewo amayi ake anawatenga pa ambulansi, bambo ake anangomutula pageti n'kuthamangira kuchipatala, ndipo uthenga unali usanandifike. Manja ake anali ofiira chifukwa chokwecha ndi sopo.

"Ndasamba," ankatero m'Chingerezi. "Ndasamba, ndasamba, koma ndachedwa. Akafa ndawapha ndine."

Sindikunamiza, njira inalipo. Ndikanatuma mwana kukaitana Mayi Sorensen, ndipo lamulo limatero. Ndinaganiza za iwe, za Tadeo, za jekete labuluu lili m'kabati. Zonsezo zinandibwerera m'mutu bwinobwino, sindinganene kuti ndinasokonezeka. Koma mwanayo anali atagwira mkono wa malaya anga, ndipo onse olankhula Chingerezi anali atamuuza kale, iye osawakhulupirira. Ndinagwada n'kulankhula naye m'Chingerezi.

"Maren, tandiyang'ana. Si iwe. Matenda a amayi ako anayamba kalekale iwe usanatsokomole. Chifuwa chimayenda mumphepo, munthu amachitenga kuchipatala, kutchalitchi, kulikonse. Sindikuuza kuti achira, chifukwa sindikudziwa. Koma si iwe."

Anandiyang'ana m'maso koyamba chiyambireni chaka. Kenako analira, kulira kwenikweni kwa mwana.

Woyamba kulankhula m'kalasimo anali Colton, ungadziwe.

"Eee! Amalankhula! Anyamata, akuluwa amamva zonse!" Anaima kaye, n'kugwira pakamwa. "Ndiye za malaya zija..."

Mayi Hadlock anadzuka, anapatsa Maren kansalu kopukutira misozi, n'kupita okha kukaitana Mayi Sorensen. Ana ataweruka anandipeza ndikutolera maginito.

"Bambo Zevallos, inenso ndili ndi zidzukulu," anatero. "Koma ndimalemba zimene ndaona."

"Lembani mayi," ndinayankha. "Ntchito yanu ndi imeneyo."

Sindiwadandaula. Ahedinso sanandikalipire, anangopuma mozama n'kundigwira paphewa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Lamulo lawo lija si lopusa ayi. Kuyambira tsiku limenelo ana akundiyesa ndi Chingerezi m'mawa ndi masana, ine n'kumagwedeza mutu, iwo n'kumaseka kuti, "Aphunzitsi, takugwirani kale." Ndikuwabweza pang'onopang'ono, koma ntchito yakula.

Julaye sanali wanga ndekha, anali wanu awirinso, ndipo ndinamuika pangozi osakufunsani. Ukakwiya ukhala ndi chifukwa. Koma ukandifunsa ngati ndikanachita mwina, sindikunamiza, ndikanagwadabe.

Amayi a Maren akadali m'chipatala. Uwakumbukire popemphera.

Ine wako,
Efraín


26 Epulo

Nélida wanga wokondedwa,

Moni kwa nonse. Amayi ako uwathokoze chifukwa cha kandulo anayatsa popemphera ija. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Sinowo wasungunuka, mitengo yayamba kuphuka. Kalata yako ndaiwerenga kambirimbiri, makamaka pamene unalemba kuti ndikanamusiya mwanayo pansi pa tebulo ukanandibweza pakhomo ndi sutikesi yomwe.

Unachita bwino kusandimvera. Mashini usagulitse.

Zotsatira zatuluka. Yatsala ndi sukulu ya kutsidya kwa njanji. Akuti tinasiyana pang'ono chabe. Pa kulankhula ana athu anaposa, pa kuwerenga anaposa awo, ndiyeno panali Chingerezi changa chija. Ahedi akuti sindine ndagwetsa sukulu. Mwina akunena zoona, mwina akundiuza kuti ndikuoneka bwino. Ana amene makolo awo afuna adzapitiriza kutsidyako, ndipo Colton walembetsa kale, Mulungu awathandize Mayi Araceli. Mayiwo anandiimbira akulira, kupepesa ngati andibera. Ndinawauza kuti asiye zimenezo, ndi mphunzitsi wabwino ndipo ana awo awiri akhala. Nditadula foni ndinalira nanenso, sindikubisa. Ndinkafuna kwambiri kuti udzaone mapiri a kuno, ndiponso kuti Tadeo adzaponde sinowo.

Amayi a Maren atuluka m'chipatala. Aonda, akuyenda ndi ndodo, za mawa palibe akudziwa, koma ali kunyumba.

Lachisanu nthawi yopuma Maren anatsala monga mwa masiku onse. Anadyetsa nsomba, kenako anatembenuka, kuzifulatira, n'kuyang'ana ine. Anatsegula pakamwa ndipo munatuluka Chisipanishi. Chopindikapindika, liwu limodzilimodzi, koma Chisipanishi.

"Aphunzitsi. Ine kudziwa. Kale."

"Kudziwa chiyani, Maren?"

"Inu Chingerezi. Sitolo. Jekete labuluu."

Nélida, ndinakhala pa kampando ka ana. Tsiku lija ndinkagula jekete pa kaunjika, ndikuyang'ana uku ndi uku, mwanayu anali kuseri kwa zovala ndi azakhali ake, akusankhira amayi ake mipango ya kumutu. Anandimva bwinobwino. Miyezi yonseyi sanauze munthu, ngakhale Colton amene akanamupatsa maswiti onse a m'thumba mwake pa nkhani yotere. Ine ndinkayesa kuti ndikumusungira chinsinsi, osadziwa kuti iyenso akundisungira changa.

Ndinamufunsa pang'onopang'ono kuti nanga n'chifukwa chiyani ankandiuza zonse zija. Anafunafuna mawu nthawi yaitali, ine osamuthandiza, chifukwa ntchito yanga ndi imeneyo.

"Inu kumva," anatero. "Inu osanena 'zikhala bwino'."

Kenako anafunsa kuti jeketelo ndi la ndani. Ndinamuuza kuti ndi la mwana wanga, Tadeo.

"Iye kubwera?"

"Ayi. Ndipita ndine."

Anaganiza pang'ono. "Iye ali ndi nsomba?"

"Ali ndi galu."

Anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu amene wamva nkhani yonse, n'kutuluka kukasewera ndi anzake.

Sukulu itseka kumapeto kwa Meyi, ndipo ndege yanga ndi ya sabata yoyamba ya Juni. Upite kusukulu yanga yakale ukawafunse ahedi ngati malo angapezeke, uwauze kuti ndabwera ndi luso latsopano la kusamva ana akamandinena. Eni nyumba uwauze kuti tikhalabe. Jekete ndibwera nalo, kwathu mu Juni m'mawa kumazizira, lidzagwira ntchito.

Unandilembera zimene unamva poyanika zovala, kuti Tadeo amamufunsa Canela ngati adadi akukumbukirabe njira ya kunyumba. Ukamaliza kuwerenga kalatayi ukwere padengapo, uwauze onse awiri kuti njira ndikuikumbukira. Canela umuthokoze, ntchito yanga waigwira mokwanira, mwini wake akubwera.

Ine mwamuna wako,
Efraín